Zenera Lomwe Silinali pa Pulani

"Bwerezanso. Ndikufuna amayi amve ndi makutu awo, asamvere kwa ine."

"Achemwali, tsitsani mawu. Panjapa pali anthu."

"Anthu ake ati? Opala utoto aja? Amve! Adziwe kuti kapitawo wawo ndi munthu wotani. Nenani, a Levulo, nenani zomwe mwavomera."

Levulo anaima pakhomo chipewa chili m'manja, nsidze zili mbuu ndi fumbi la laimu. Dzinali anam'patsa ndi amisiri anzake chifukwa sankalola njerwa kukhala pa inzake asanaikepo levulo, chida choyezera kuwongoka kwa khoma, kawiri. Mlongo wake wamkulu, telala wa kumsika, ankalitchula pokhapokha akafuna kumunyoza. Mayi awo anali pabedi atatsamira khoma, akupuma mokoka monga ankachitira nyengo yozizira ikayamba. Pamwamba pa mutu wawo panali zenera laling'ono lotsegula, katani yake ikugwedezeka ndi kamphepo.

"Akuti zenerali litsekedwe," anatero Levulo maso ali pansi.

"Akuti! Wotseka ndani?"

"Ine."

"Mwamva amayi? Mwana amene munam'berekera m'chipinda chino, pansi pa zenera lomweli, ndiye wanola mpeni wake womangira kuti akutsekereni m'bokosi muli moyo."

"Sindinalamule ndine. Lamulo la komiti yoyang'anira nyumba ino ndi lakuti nyumba yonse ibwerere momwe inalili chaka chimene inamangidwa. Chilichonse chimene chinaonjezedwa pambuyo pake chichoke. Galaja ya a Jaji ija tagwetsa. Bafa la matailosi la amayi a sitolo taphwasula. Zitsulo za m'mazenera tazula zonse. Palibe amene walira."

"M'galaja munkagona galimoto. Galimoto ili ndi mphumu? Imadzuka m'mawa ikusakasaka mpweya ngati amayiwa?"

"Ndikakana ine abweretsa wina. Winayo adzangothira simenti, awononge khoma lonse."

"Iii, khoma!" Telalayo anapinda maondo mwachipongwe, nawomba m'manja moyang'ana chipupa. "Pepani a khoma, tinakuiwalani. Mwadzuka bwanji a khoma?" Kenaka anadzuka nkhope itasinthiratu. "Ndikuuze zomwe akufuna, poti njerwa sizinakuphunzitse. Amayi a sitolo aja, eni nyumba omaliza, asanamwalire analemba kalata yoti amayiwa, mkazi wa khukhi wawo, asachotsedwe m'chipinda chino mpaka tsiku lake. Kalata imeneyo yawaima pakhosi a komiti. Kuwathamangitsa sangathe. Ndiye aganiza zowafukiza ngati njuchi kuti atuluke okha."

"Amayi Apampando anandiuza ndi pakamwa pawo kuti amayi akhalabe."

"Anatinso chiyani? Usadule. Nena zonse."

Levulo anapotokola chipewa chija. "Anati kalatayo ikunena za chipinda. Sikunena za zenera."

"Mwamva! Anthu ophunzira!"

"Mwatha?" anafunsa mayi awo. Mawu awo anali otsika, koma mkanganowo unathera pomwepo. Mayiwo anatsokomola, napukuta pakamwa ndi nsonga ya bulangete. "Khoma ili anabowola ndi bambo ako, ndi manja awo."

"Ndikudziwa, amayi."

"Sukudziwa. Unali usanabadwe. Tuluka, ukunditsekera kuwala kwa pakhomo."

Levulo anatuluka. Anadutsa m'kanjira kofolera kolumikiza chipindacho ndi khitchini, nazungulira kutsogolo kwa nyumba yaikulu. Chomwe chinkamuwawa kwambiri n'chakuti nyumbayi ankaikonda. Anakulira kuseri kwake, ndipo umisiri anayamba kuuphunzira ndi maso akuyang'ana makoma amenewa. Khonde linazungulira mbali zitatu, litakhala pa mizati khumi ndi inayi. Denga linali lotsetsereka kwambiri, lokhala ndi machumuni awiri. Zipinda zinali zazitali mwakuti munthu woima patebulo sakanakhudza siling'i. Mazenera analipo makumi awiri ndi limodzi, lililonse lotalika ngati chitseko, ndipo pamwamba pa lililonse panali njerwa zoimika chogonera m'mbali, zokhota ngati uta, zogwirana zokha popanda chitsulo kapena thabwa. Amene anaimanga, bwana wina woyeza malo, anaiyang'anitsa kumene kumachokera mphepo, kuti ukatsegula chitseko cha kutsogolo mpweya uziyenda mpaka kuchipinda chomaliza. Munthu ameneyo ankaudziwa mpweya. Koma pa pulani yake, imene tsopano inali m'galasi pabalaza, chipinda cha antchito chinali kabokosi ka makoma anayi ndi khomo limodzi, msana wake utagunda chumuni cha khitchini.

Pakhonde anapeza katswiri wa nyumba zakale amene komiti inam'lemba kuti ayang'anire ntchitoyo. Antchito ankamutcha a Pulani, poti sankayenda opanda chipepala chokulunga m'khwapa. Kunena zoona sanali munthu woipa. Ankapereka moni kwa aliyense, ndipo akaganiza kuti palibe akumuona ankasisita mizati ngati akusisita mwana.

"Amisiri, mwabwera bwino. Tamverani mawu a pachikwangwani cha pageti." Anatambasula pepala. "Amene anakhalamo m'nyumba muno. Woyeza malo, amene anaimanga, zaka makumi atatu. Dokotala, zaka makumi awiri ndi ziwiri. Jaji, zaka khumi ndi zisanu. Banja la sitolo ya nsalu, zaka makumi atatu ndi zinayi. Inu munakulira pano. Ndadumpha wina?"

Levulo anaganiza za bambo ake, amene anaphikira mabanja atatu mwa anayiwo, ndi za mayi ake amene anali atakhala pamalopo kuposa aliyense wa pamndandandawo.

"Simunadumphe, bwana. Koma ndabwera ndi nkhani ya zenera lija. Amayi ali ndi mphumu."

"Ndikudziwa, ndipo zikundikhudza kwambiri. Koma mundimvetse. Ndikalola zenera limodzi, mawa wina adzati bwanji galaja, bwanji bafa. Nyumba ya mtundu uwu yatsala yokhayi m'dera lonse lino. Zinzake zonse anagwetsa, anamangapo mashopu. Anthu akamabwera kudzaona, akufunika aone zoona."

"Mukatseka chitseko chija muli mdima ngati m'thumba."

"Ndi mmene zinalili. Sindinajambule ndine." A Pulani anakanda chibwano. "Mwina komiti ikhoza kuwagulira fani."

"Mawaya a magetsi m'chipindamo munati tichotse."

"Oo. Eya, zoona. Anaikidwa nthawi ya a Jaji."

"Palibe njira ina iliyonse, bwana?"

"Njira ndi imodzi yokha. Patapezeka umboni wakuti zeneralo linalipo kuyambira pachiyambi. Zimachitika, omanga akale nthawi zina ankasintha zinthu ntchito ili mkati osakonza pulani. Koma umboniwo ukhale wa m'khoma momwemo, osati za pakamwa. Anthu amaiwala, amaonjezera. Ine ndimakhulupirira njerwa."

Levulo anakweza maso, nayang'ana uta wa njerwa pamwamba pa zenera la pabalaza. Anauyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu amayang'anira chinthu chimene wachiona tsiku lililonse moyo wake wonse.

Loweruka masana anapita kumsika. Mlongo wake anamuona akubwera koma sanasiye kupalasa makina.

"Ngati wabwera kudzasoketsa suti ya pamaliro, sindinatsegule oda."

"Amayi akakhale kwanu masabata atatu. Tiwauza kuti ndi chifukwa cha fumbi."

"Kuti utseke bwino asakukuona?"

"Kuti ndisatseke."

Makina anaima. Levulo anakhala pa mpando wa makasitomala, nafotokoza motsitsa mawu. Telalayo anamvetsera kukamwa kuli yasa, kenaka anaphulika ndi phwete mpaka misozi.

"Levulo! Iwe amene unagwetsa mpanda wonse wa abusa chifukwa unapendekeka ndi chala chimodzi? Lero ukufuna kuphunzitsa khoma bodza?"

"Musaseke, achemwali. Zikadziwika, palibe amene adzandipatsenso nyumba yakale kuti ndiigwire."

"Ndikusekera chimwemwe, mlongo wanga. Ndimayesa m'chifuwamo muli njerwa. Uwapusitse! Uwapusitse ndi mapulani awo omwewo!"

"Koma amayi asadziwe."

"Adziwe bwanji? Ine ndikawatenga mawa m'mawa."

Lamulungu pamalopo panalibe munthu, ndipo makiyi a geti ankasunga ndi iye monga kapitawo. Dzuwa litangokwera pang'ono anamanga kansanja kunja kwa chipinda cha mayi ake, nayamba kugogoda pulasitala pamwamba pa zenera. Zomwe anapeza pansi pake zinamuimitsa. Njerwa zinali zoduka mokhadzukakhadzuka, zina zong'aluka pakati, ngati wodulayo analibe tchizulo. Pamwamba panali thabwa limodzi lokhuthala, lokhomeredwa mopingasa, ndipo ndi limene linanyamula khoma zaka zonsezi. Inali ntchito ya khukhi, osati ya mmisiri. Wophunzira wake atagwira ntchito yotere akanam'bweza kwawo tsiku lomwelo. Anaika dzanja pa thabwalo kwa kanthawi. Kenaka anachirikiza khoma ndi mitengo iwiri, nalisolola.

Njerwa anakazitola kuseri kwa munda, pa bwinja la khola la akavalo limene linamangidwa chaka chimodzi ndi nyumbayo. Zinali zazikulu kuposa za masiku ano, zofiira moderako. Anasankha zisanu ndi zinayi, nasema iliyonse kuti ikhale yopyapyala kumunsi, akumapita kukayerekeza ndi za pazenera la pabalaza. Simenti sanaikhudze. Anakanya laimu ndi mchenga wa kumtsinje, nathiramo mwaye wa m'chumuni kuti matopewo aoneke okalamba. Pofika masana uta unali utaima wokha. Anaumata pulasitala ya laimu, napaka njereza, ndipo itauma pang'ono anaipukuta ndi chiguduli choviika m'madzi a tiyi mpaka chigambacho chinasowa. Atatsika anaima patali nayang'ana. Pa zaka makumi awiri ndi zisanu za umisiri wake anali asanamangepo chinthu chokongola chotero, ndipo panalibe munthu amene akanamuonetsa.

Patatha masabata atatu anauza a Pulani kuti pogogoda khoma lija wamva kuti pamwamba pa zenera pakulira mosiyana. A Pulani anati asakhudze chilichonse mpaka iwo ndi a komiti adzakhalepo Lachiwiri.

Mayi ake anabwerera Lolemba. Anakhala pabedi, napuma, nakweza maso.

"Katani yanga yakoleka pa chiyani?"

"Ndaika waya, amayi."

"Inali pa misomali iwiri. Misomaliyo inali pa thabwa. Thabwa lili kuti?"

Levulo anayang'ana mlongo wake, koma uyo anali atatanganidwa mwadzidzidzi ndi kupinda zovala. Anagwada pafupi ndi bedi nawauza zonse.

"Mawa akubwera kudzaona. Inu musanene kanthu. Mungokhala chete basi, zenera likhala."

"Ndikhale chete."

"Ndi zokhazo, amayi."

"Ndakhala chete pamalo ano zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu," anatero mayiwo akuyang'anabe pamene panali thabwa. "Ntchito imeneyo ndimaidziwa."

Levulo anayesa kuti avomera.

M'mawa mwake anabwera anayi: a Pulani, Amayi Apampando a komiti atafunda ambulera ngakhale dzuwa linali lisanakule, ndi abambo awiri okalamba amene ankangovomereza zilizonse ndi mutu. Telalayo anatseka makina ake kumsika kuti asaphonye, ndipo anaima pambali manja atapinda pachifuwa. Levulo anakwera pansanja, nayamba kugogoda pang'onopang'ono. Pulasitala inagwa zidutswazidutswa. Panaoneka njerwa imodzi yoimika, yachiwiri, yachitatu.

"Imani! Imani kaye!" A Pulani anakwera pansanjapo osasamala buluku lawo loyera. Anapukuta fumbi ndi mpango, nawerenga ndi chala. "Zisanu ndi zinayi. Uta womwewo wa mazenera a kutsogolo. Njerwa zomwezo, laimu yemweyo. Amayi Apampando, bwerani muone! Zenerali n'lapachiyambi!"

"Koma pa pulani palibe."

"Anasintha maganizo ntchito ili mkati! Mukumvetsa tanthauzo lake? Nthawi imeneyo palibe amene ankaikira antchito zenera. Ndayenda m'nyumba zakale zoposa makumi anayi, sindinalionepo. Munthu uyu anali patsogolo pa anzake onse."

"Ndiye kuti anali ndi mtima," anatero Amayi Apampando, abambo awiri aja n'kugwedeza mitu.

"Tiike chikwangwani chachiwiri pomwe pano." A Pulani anatseka maso akusanja mawu. "Zenera ili ndi umboni wa mtima wabwino wa mwini nyumba woyamba, amene anapatsa antchito ake kuwala ndi mpweya pa nthawi imene ena sankatero."

Telalayo anatsinzinira mlongo wake diso. Levulo anamva mapewa ake akutsika koyamba m'mwezi wathunthu.

Katani inasuntha. Pazenerapo panatulukira nkhope ya mayi ake, manja atagwira felemu.

"Mubwereze, bwana. Makutuwa anakalamba."

A Pulani anawerama mwaulemu, nabwereza mokweza, liwu ndi liwu.

"Bodza," anatero mayiwo.

"Amayi, kagoneni, mwatopa," anathamangira telalayo. "Pepani mabwana, mankhwala awo aja amawasokoneza."

"Ndisiye iwe. Mankhwala ake ati?" Anakoka mpweya kawiri. "Ndinalowa m'chipinda chino ndili mtsikana, nthawi ya a Dokotala. Munalibe zenera. Khoma la kumbuyoli limatentha ndi chumuni kuyambira m'mawa, utsi unkalowera m'ming'alu. Mwana wathu woyamba anatsokomola miyezi inayi. A Dokotala anali apo, mapazi makumi awiri kuchoka pano, akuchiritsa anthu a tauni yonse. Amuna anga anawapempha katatu kuti abowole khoma. Anayankha kuti zeneralo lidzayang'ana pa kapinga pamene adona amamwera tiyi ndi alendo awo."

Levulo ankadziwa kuti kunali mwana wina iwo asanabadwe, amene anapita ali wakhanda. Zoposa pamenepo anali asanauzidwepo. Anagwira mtengo wa nsanja.

"Mwanayo tinamuika Lachiwiri. Lachitatu m'mawa amuna anga sanakoleze moto. Anatenga nkhwangwa yowazira nkhuni, anayamba kugumula apa. A Dokotala anatuluka thaulo lili pakhosi, sopo ali kumasaya. Anawamenya mbama ziwiri ine ndikuona. Amuna anga anati, 'Menyani bwana, mukatopa ndipitiriza.' Ndipo anapitiriza. Sanawachotse ntchito chifukwa tsiku limenelo kunali alendo khumi ndi awiri odzadya, ndipo panalibe wina wodziwa kuphika. Zaka makumi anayi ndi zinayi anagwira pano. Dzuka, adzuka. Phika, aphika. Chinthu chimodzi chokha chimene anachita m'nyumba muno osatumidwa ndi bowo ili. Ndiye lero mulembe kuti tinapatsidwa? Ndi bwana wa mtima wabwino? Ine ndizigona pansi pa mawu amenewo?"

"Koma mayi," anatero a Pulani mwachibwibwi, "njerwazi..."

"Funsani mwana wangayo. Mwezi watha panali thabwa."

A Pulani anatulutsa kiyi m'thumba, naizika pakati pa njerwa ziwiri, nakankha. Pamwamba panali polimba, koma kiyiyo italowa ndithu inamira yonse. Inatuluka ndi laimu wofewa, woyera ngati wa dzulo.

"Amisiri?"

"Ndamanga ndine, bwana."

"Ndinakukhulupirirani! Ndinakupatsani makiyi a nyumba ino! Mukudziwa kuti ndikanalemba zimenezi m'buku, dzina langa lili pamwamba? Anzanga akanandiseka mpaka kumanda!"

"Ndinabwera kwa inu pakhonde paja," anatero Levulo, ndipo anadabwa kumva mawu ake akukwera. "Ndinakuuzani kuti muli munthu wa mphumu. Munandiuza za fani. Munati za pakamwa simuzimva, mumakhulupirira njerwa. Ndiye ndakupatsani njerwa. Mwaziwerenga, mwazisisita, mwatsala pang'ono kuzipsompsona. Amayi anga akhala apa chikhalire ntchito ino, munawafunsapo funso limodzi?"

A Pulani anabweza kiyi ija m'thumba.

"Mwamva tsopano zoona zake," anapitiriza Levulo. "Lembani zimenezo pachikwangwani. Zenera likhale, alendo anu adziwe amene analibowola ndi chifukwa chake. Imeneyo si mbiri ya nyumba ino?"

Amayi Apampando anapinda ambulera yawo mosamala. "Nkhani yomvetsa chisoni kwambiri, mayi. Zoonadi, yandigwira mtima. Koma mwatithandiza. Mwachitira umboni nokha, pamaso pa komiti, kuti zenerali linabwera zaka makumi anayi nyumba itamangidwa kale. Ndalama zokonzera nyumbayi tinapatsidwa pa lamulo limodzi, ndipo lamulolo sitinalembe ndife."

"Simunalembe ndinu!" Telalayo analumpha kutsogolo. "Aliyense pano sanalembe ndiye! Awa sanajambule ndiwo, inu simunalembe ndinu, awiriwa angobwera kudzagwedeza mitu ngati abuluzi! Nanga amayi anga akabanika m'menemo, adzakhala atawapha ndani? Pepala?"

"Mayi, tiyankhulane ngati anthu."

"Ngati anthu? Mukusamala nyumba ya anthu akufa, wamoyo mukumuika m'ng'anjo! Lowanimo inu, mutseke chitseko, mukhalemo mpaka masana ndi ambulera yanuyo!"

"Lachisanu likhale lotseka," anatero Amayi Apampando moyang'ana Levulo, ngati telalayo sanayankhule. "Mukakana tibweretsa wina. Ndipo mutseke musatseke, Lachisanu lomwelo musiye makiyi. Mayi anu chipinda ndi chawo, monga kalata ikunenera. Palibe amene akuwathamangitsa."

Atapita, telalayo analowa m'chipindamo ngati mphepo.

"Mwapindula chiyani? Ndiuzeni! Mphindi zisanu zokha, amayi! Mukanangoluma lilime mphindi zisanu, zenera likanakhala, mwana wanu akanakhala pantchito. Bambo ali kumanda, chikwangwani sawerenga!"

"Ine ndimawerenga."

"Ndiye mupuma chiyani? Mawu?"

"Ndipita kwako. Pokhapokha ngati nawenso uli ndi komiti." Anatembenukira kwa Levulo, amene anali ataima pakhomo. "Iwe. Unaliponya kuti thabwa la bambo ako?"

"Lili kuseri, amayi. Sindinalitaye."

"Unaona mmene anadulira njerwa zija?"

"Ndinaona."

"Unachita nazo manyazi."

Mayiwo analoza zeneralo.

"Utseke ndiwe. Ntchito ya bambo ako waigumula kale, maliza. Munthu wachilendo asagwire pamenepa. Koma uta wakowo uyambe wachotsa, njerwa zisanu ndi zinayi zonse. Usatsale m'khoma muno."

Lachisanu anayamba m'mawa. Anagumula uta wake njerwa imodziimodzi, nazula felemu, nayamba kumanga kuchokera pansi. Mlongo wake anali atabwera ndi galimoto ya mnzake wa kumsika, ndipo katundu yense anali atatuluka kupatula bedi. Mayi ake anakana kukhala panja. Anakhala pabedipo manja ali pamaondo, akumuyang'ana kudzera pa bowolo. Mzere woyamba unabisa manja awo. Wachitatu unabisa mapewa. Ataika wachisanu ankangoona maso okha, ndipo masowo sanaphethire. Komabe pa mzere uliwonse anaikapo levulo kawiri, poti njira ina yomangira sankaidziwa. Njerwa yomaliza anaikankha ndi chigwiriro cha mpeni. M'kati munamveka chifuwa, ndipo patapita kanthawi mayi ake anatulukira pakanjira kaja atagwira khoma.

A Pulani ndi Amayi Apampando anafika dzuwa lili pamutu. Tsiku limenelo antchito anali atakoleza chitofu chakale cha m'khitchini kuti aone ngati chumuni chikukoka bwino. A Pulani sanapereke moni kwa Levulo. Anayang'ana khomalo kunja, nayendetsa chala m'mizere, nayerekeza ndi pulani. Kenaka analowa m'chipindamo nadzitsekera kuti aone ngati pali pena polowa kuwala.

Amene anali panja anamva phazi likugunda mwendo wa bedi, kenaka dzanja likupapasa chitseko. Mphindi isanakwane a Pulani anatuluka akutsokomola, maso ali psuu, akumasula batani la pakhosi.

"Zili bwino?" anafunsa Amayi Apampando.

"Zili bwino." Anapukuta maso ndi mpango, osayang'ana aliyense. "Tsopano chili ndendende momwe chinalili."

Levulo anawaponyera makiyi pamapazi. Mlongo wake anali atagwira kale mayi awo mkono kuti azipita ku galimoto, koma iwo anaima.

"Ayi bwana, sichinafanane," anatero. Anadikira kuti mpweya ubwere. "Pakona paja mwagunda phazipo panali mkeka. Pamkekapo panali mwana akutsokomola. Poti mukufuna alendo anu aone zoona, mum'peze wa miyezi isanu ndi itatu. Wanu, kapena mdzukulu wa Amayi Apampando. Aliyense akwana."